Nkhuku Imene Bambo Anasiya kwa Amalume

Bambo anga ananditchula wakuba tchalitchi chitadzaza. Ndiyambire pomwepo, chifukwa zina zonse zinangotsatira.

Ndinali Fomu 3 pasukulu ya mishoni kwathu ku Ntchisi. Batire la sola la kutchalitchi, limene linkayendetsa chimkuzamawu, linasowa. Makiyi a kachipinda kosungiramo katundu ankagona kwathu chifukwa bambo anali mkulu wa mpingo, ndipo Loweruka lililonse ankatuma ine kukatsegulira amayi osesa. Kunyumba sanandifunse chilichonse. Lamulungu, nthawi ya zolengeza itakwana, anaimirira kutsogolo n'kunena kuti iwo sangabise tchimo chifukwa choti lagona m'nyumba mwawo. Anati wakuba ndi mwana wawo, ndipo mpingo uchite naye monga umachitira ndi wina aliyense. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'oneza mnzake kuti mkulu wa mpingo weniweni ndi ameneyu. Lolemba m'mawa aphunzitsi aakulu anandiuza kuti nditenge makope anga ndizipita. Sabata yomweyo dzina langa linafufutidwa m'kalasi ya okonzekera ubatizo.

Batire sindinabe. Ndinanena kamodzi kwa amayi, kamodzi kwa amalume, alongo awo a amayi. Kwa bambo sindinanene. Munthu amene wagamula mlandu asanakufunse sumamutayira malovu. Ndinapita ku Lilongwe, ndinasenza matumba mumsika, ndinalondera sitolo ina ya zitsulo, kenako ndinalembedwa ndi anthu otumiza anyamata ku Qatar. Tsiku lonyamuka ndinatsanzika amayi pafoni. Anafunsa ngati apereke foni kwa bambo. Ndinadula.

Choncho wakuba wa ku Ntchisi anakhala mlonda ku Doha. Ndinkaima pakhomo la chinyumba chachitali chagalasi ku Al Dafna, kuyambira dzuwa lisanatenthe mpaka litalowa. Mliri wa korona utafika anatipatsa kamfuti koyezera kutentha kwa thupi. Ntchito inali kuloza munthu pamphumi, kuona ngati foni yake ikuonetsa girini, chizindikiro choti alibe matendawo, n'kumulowetsa. Wopanda girini kapena wopanda masiki, abwerere. Anthu ovala masuti ankanditukwana m'zilankhulo zimene sindizidziwa mpaka lero, ine n'kumati pepani bwana, pepani bwana. Mawu amenewa ndinkawanena tsiku lonse kwa anthu amene sindinawalakwire. Mwina n'chifukwa chake ndinkadziwa kuti si olemera pakamwa.

Tinkagona kukampu, kutali ndi tauni, anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, pa mabedi osanjikiza. Mmalawi mnzanga m'chipindamo anali mmodzi, bambo wa ku Ntcheu woyendetsa basi ya kampani, wa imvi m'ndevu. Tonse tinkangomutchula Madala. Iye ankagona bedi la m'munsi, ine la m'mwamba. Lachisanu, tsiku lopuma, matchalitchi atatsekedwa, ankasonkhanitsa Akhristu atatu anayi a m'zipinda zina n'kumapemphera chapansipansi pakati pa nsapato ndi mayunifomu oyanika. Ine ndinkatembenukira kukhoma n'kutseka makutu ndi nyimbo za pafoni.

Choonadi cha batire chinatuluka ndili kale kuno. Amene ankalumikiza mawaya a sola, mkamwini wa mlembi wa mpingo, anadwala kwambiri, n'kuitanitsa abusa kuti aulule, poopa kufa nalo. Anaulula, kenako anachira. Amayi ndi amene anandiuza, ngati andibweretsera mphatso. Ndinafunsa kuti bambo ati chiyani. Anati bambo ako angokhala chete, sakudya bwino. Ndinati asadye.

Patapita masabata angapo mavesi anayamba kubwera. Bambo analibe foni ya intaneti, ndiye ankapita kwa amalume kukawauza kuti lembani mutu wakuti ndime yakuti, mutumize kwa mnyamata. Popanda moni, popanda dzina, manambala okhaokha. Sindinafufuze ngakhale limodzi. Madala ndi amene ankawafufuza akabwereka foni yanga, n'kumandiuza kuti ili likunena za kukhululuka, ilinso za kukhululuka. Ndinamufunsa ngati m'buku lonselo mulibe la kupepesa. Anati alimo ambiri, koma munthu wamkulu amayamba ndi opepuka.

Kwathu n'kwachikamwini. Bambo anakwatira m'mudzi wa amayi, ndipo pa mlandu mwini wake wa ife ana ndi amalume. Wolakwira mnzake sapita chimanjamanja. Amanyamula nkhuku n'kukaitula kwa mwini mbumba, ndipo wolakwiridwayo akavomera, nkhuku imaphedwa, anthu amadya, nkhani yatha. Koma zimenezo amachita anthu ofanana misinkhu, kapena wamng'ono kwa wamkulu. Bambo kunyamulira nkhuku mwana wobereka yekha, ine ndinali ndisanamvepo.

Voisi ya amalume inandipeza m'basi m'mawa, tikupita kuntchito.

"Mphwanga, wadzuka bwanji ku Aluya kumeneko? Kuno ndaona malodza. Alamu anga abwera m'mamawa uno, nkhuku kukhwapa. Msoti, wamawangamawanga. Adutsa nayo pakati pa mudzi, pamjigo penipeni, azimayi onse akuona. Mpando aukana, akhala padothi. Akuti anakulakwira. Ine ndawauza kuti nkhukuyi si yanga, mwini wake ali ku Qatar. Ndiye ndaimanga mwendo pamtengo wa mango. Unene ndiwe. Ukati iphedwe, mpeni ndanola kale."

Ndinamvetsera kawiri. Sindinama, zinandikhudza. Koma basi isanafike ku Al Dafna ndinali nditapeza kale pokwiyira. Anadutsa nayo pamjigo kuti anthu aone. Ndi momwe analili bambo anga, ngakhale kupepesa ankafuna mboni zowatama. Ndinayankha amalume mwachidule. Nkhuku idikire. Anandipaka matope m'tchalitchi, akanditsuke m'tchalitchi momwemo.

Madzulo ndinamuuza Madala. Anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndikudziwa kulemera kwa nkhuku imeneyo kukhwapa kwa munthu ngati bambo anga. Ndinati msoti sungapitirire kilo imodzi ndi theka. Anati iwe mfana pakamwa pako pali minga, udzadzilasa wekha. Ndinakwera pabedi langa.

Ndinkaganiza kuti za kutchalitchizo bambo sangachite. Anachita. Patatha milungu itatu amalume anatumiza vidiyo. Nthawi imeneyo boma linali litachepetsa anthu osonkhana, ndiye m'tchalitchi munali anthu apa ndi apo, benchi ili munthu mmodzi, benchi ilo opanda munthu. Bambo anaima pamalo omwe aja, atavala masiki ya nsalu ya chitenje imene amayi anasoka. Mawu ankatuluka ophimbika, ngati munthu akuyankhulira m'thumba, ndipo amalume anajambulira kutali. Ndinangotolamo mawu akuti mwana wanga, ndi akuti batire, ndi akuti ndinachimwa. Atatha anakhala pansi. Wina anayambitsa nyimbo.

Ndinayang'ana mitu m'vidiyomo. Mayi wonong'oneza uja munalibe. Aphunzitsi aakulu anali atasamutsidwa kalekale. Anzanga a m'kalasi anali atalemba mayeso a Fomu 4 n'kubalalika, wina ku koleji ya anamwino, wina ku usilikali. Tsiku limene ananditchula wakuba anthu anali mpaka m'mawindo. Ndinawauza amalume kuti imeneyi sikuwerengedwa. Adikire mliri uthe, tchalitchi chidzaze, abwereze popanda nsalu kukamwa.

Ndikudziwa mmene zikumvekera. Sindikulemba izi kuti wina andikonde.

Nkhuku inakhala. Amalume anaimasula chifukwa mwendo unayamba kutupa, ndipo inazolowera pakhomo pawo ngati kwawo. Mwezi ndi mwezi voisi inkabwera. Choyamba anadandaula kuti ikuwathera gaga. Kenako anati yayamba kuikira pansi pa nkhokwe. Kenako:

"Mphwanga, mlandu wako waswa. Anapiye asanu ndi awiri. Tsopano undiuze, amenewa ndi a ndani, a wolakwa kapena a wolakwiridwa? Mmodzi mphamba watenga dzulo. Ameneyo ndiye loya, wadzilipira yekha."

Ndinaseka ndekha pakhomo la chinyumba chija, mkati mwa masiki. Koma sindinayankhe.

Chaka chomwecho lamulo la ntchito linasintha kuno. Kale sukanachoka pakampani popanda kalata ya bwana yokumasula. Tsopano anati ungopereka notisi n'kupita kwina. Kukampu nkhani inali imeneyo basi, m'bafa, pamzere wa chakudya, m'basi. Ine ndinafunsira malo ku kampani ina yolondera masitolo ku Msheireb, ya mashifiti ofupikirapo. Supavaiza wakale anandiitana n'kundiuza kuti amene akuthamangira lamulo latsopano adzathamangira ndege yobwerera kwawo. Ndinati chabwino bwana. Notisi ndinapereka. Ndinadikira miyezi iwiri uthenga wa pafoni wondivomereza, tsiku lililonse akundiika pakhomo la kunja kumene kulibe mthunzi.

Tsiku lina ndinamuuza Madala kuti onani, ngakhale Aluya amvetsa kuti munthu akhoza kuchoka kwa womuzunza popanda kupempha kalata. Anadziwa kumene ndikulowera.

"Bambo si kampani," anatero. "Kulibe notisi kumeneko."

"N'chifukwa chake n'koipa kuposa kampani."

Anapitiriza kupukuta nsapato zake. Kenako anati iye ali ndi mwana wamkazi ku Balaka amene sayankha foni zake chaka chachinayi tsopano, ndipo akudziwa bwino chimene anamuchita. Sanandiuze kuti n'chiyani. Anati sandilalikira chifukwa chokonda bambo anga, sawadziwa. Akamandiyang'ana ine amaona mmene ukalamba wake udzakhalire, ndiye amachita mantha. Zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri.

Za Mgonero anandiuza ndi amayi, pafoni ya amalume. Kuyambira tsiku la nkhuku bambo anasiya kudya Mgonero. Monga mkulu wa mpingo ankanyamulabe mbale ya mkate ndi tizikho, kuyenda benchi ndi benchi kupatsa anzawo, koma ikafika pa iwo ankaipitiriza. Abusa anawaitana n'kuwafunsa. Iwo anati Mawu a Mulungu salola munthu kufika paguwa akudziwa kuti pali wina amene ali naye chifukwa, ayambe wakayanjana naye. Abusa anati mbali yanu mwachita, nkhuku mwatula, pamaso pa mpingo mwaulula, chatsala n'chiyani. Bambo anati mwanayo sanayankhe.

Ndinawauza amayi kuti limenelo ndi sewero lina. Kale ankaonetsa mpingo kuti ndi olungama, tsopano akuuonetsa kuti ndi olapa, ndipo pa zonse ziwiri chida chawo ndine. Amayi anga si munthu wa mawu. Anakhala zaka zonsezi pakati pa ife awiri ngati chitseko chokankhidwa uku ndi uku. Tsiku limenelo anati:

"Ukamayankhula chonchi ndimamva mawu a bambo ako. Iwonso akaganiza kuti akulondola sankamva za munthu."

Ndinati netiweki ikuvuta, n'kudula.

Uthenga wondivomereza unabwera chaka chikutha. Ndinanyamula chikwama changa, ndinamugwira Madala chanza ndi chigongono monga tinkachitira masiku amenewo, n'kusamukira kukampu ina. Ku Msheireb ntchito inali yomweyo, kamfuti ndi girini, koma pakhomo la masitolo, mumthunzi. Anatiuza tsiku loyamba kuti tili pa miyezi yoyesedwa. Foni imakhala mu loka. Wopezeka nayo pa dyute, khalasi, watha. Ndipo ukachotsedwa pamenepo ulibe kobwerera, kampani yakale inakutaya kale. Chotsalira ndi ndege.

Lachisanu langa loyamba lopuma ndinakwera sitima ya pansi pa nthaka n'kupita ku Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja, masana. Inali nyengo yozizira, mphepo ikuchokera kunyanja, anthu akuyenda motalikirana. Foni inalira. Amalume sankaimba, ankangotumiza mavoisi, chifukwa bandulo njodula. Tsiku limenelo anaimba, ndipo sanayambe ndi nthabwala. Anangoti yankhula ndi amayi ako.

Amayi anati bambo akhala akutsokomola sabata yathunthu, tsopano mpweya ukuwathawa. Kuchipatala akana. Akuti ofera kumeneko amakulungidwa m'pulasitiki n'kuikidwa ndi anthu achilendo, iwo afera m'nyumba mwawo. Miyezi imeneyo kumudzi maliro anali ochuluka, aliyense ankadziwa chifuwa chimenechi ngakhale osachitchula. Abusa anali atanena kuti Lamulungu akaweruka kutchalitchi adzabwera ndi Mgonero wa odwala. Bambo anati musawavutitse abusa, sindidya.

"Sindikukupempha kuti uwakonde," anatero amayi. "Ndikukupempha kuti asapite ndi njala imeneyi."

Ndinati ndiona. Ndinakhala pa khoma la m'mbali mwa nyanja nthawi yaitali, ndikuyang'ana zinyumba za ku Al Dafna kutsidya kwa madzi. Ndinkatha kuloza chimene ndinaimapo chaka ndi theka. Ndinkafuna kumva chisoni. Chimene chinabwera ndi mkwiyo womwe uja, kuti ngakhale imfa yawo aisenzetsa ine. Akafa osadya, mudzi wonse udzati mwana uja anamana bambo ake Mgonero. Wakuba adzakhala wouma mtima. Iwo adzapita ali oyera kawiri.

Loweruka ndinagwira ntchito. Sindinaimbe.

Kuno Lamulungu ndi Lolemba. Ndi tsiku loyamba la sabata, maofesi atsegula, anthu ali pikitipikiti. Nthawi yathu yopuma inali 12 koloko, kumudzi ili 11, mapemphero ali mkati. Ndinatsegula loka n'kukhala pabenchi foni ili m'manja. Zinali zosavuta. Kujambula voisi ya mphindi imodzi, kutumiza kwa amalume, akawamvetsere abusa akafika. Ndinajambula katatu. Yoyamba inayamba ndi ndakukhululukirani n'kuthera pa sukulu imene anandichotsetsa. Yachiwiri inafika pa matumba a mumsika wa ku Lilongwe. Yachitatu ndinangonena kuti Ababa, n'kumva kuti mawu otsatira ndi koma. Ndinafufuta zonse. Nthawi inatha. Anzanga anatseka maloka awo. Ine ndinatseka langa lopanda kanthu, foni n'kuilowetsa mu sokosi.

Itangopitirira 2 koloko inayamba kunjenjemera pa kakolo. Inasiya. Inayambanso. Ndinali ndi mzere wa anthu kutsogolo kwanga, ndikuloza pamphumi, girini, lowani, girini, lowani. Kachitatu ndinatembenukira kwa mnzanga wa pakhomopo, mtsikana wa ku Uganda, n'kumuuza kuti m'mimba mwandipotokola. Anandiyang'ana kumapazi. Anati supavaiza ali pa makamera, mphindi zisanu, yala, fulumira.

Chimbudzi cha antchito chili pansi pa nthaka, netiweki sifikako. Ndinadziwa zimenezo ndisanatsike masitepe. Malo okhawo amene foni imagwira ndi kuseri, kumene malole amatsitsira katundu, pafupi ndi mabini. Pamenepo kamera ili pamwamba pa chitseko, yoloza pansi. Ndinaiyang'ana. Ndinawerama n'kutulutsa foni.

Nditawaimbira, amalume anayankha nthawi yomweyo, pa vidiyo. Anali pakhomo la chipinda, masiki kukamwa, atatambasula dzanja kuti foni ilowe iwo asalowe. Anati abusa ali panja pawindo kwa theka la ola tsopano, mbale ili m'manja, akufuna azipita kwa odwala ena. Kenako anatembenuza foni.

M'chipindamo munali mdima ngakhale masana. Ndinaona amayi atakhala pamphasa, kenako bedi, kenako munthu amene sindikanamuzindikira pamsewu. Nkhope yawo yopanda chophimba ndinali ndisanaione zaka zisanu. Masaya anali atalowa. Kupuma kwawo kunkamveka ngati sowo yodula mtengo wauwisi. Ndinalibe mawu okonzeratu.

"Ababa."

Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, kufunafuna kumene mawu achokera.

"Ndiwe?"

"Ndine."

Anapuma kangapo. Amayi anawakweza mutu.

"Sunabe."

"Ndikudziwa kuti sindinabe."

Ndi zimene ndinayankha munthu amene akufa. Ndinamva amalume akutsonya kuseri kwa foni.

"Sindinakufunse," anatero bambo. Mawu alionse ankawagula ndi mpweya. "Ndikanakufunsa."

"Mukanandifunsa."

Anagwedeza mutu kuvomera. Sanawonjezere vesi. Ndinadikira kuti awonjezere, kuti ndipeze pogwira, koma sanatero. Anangondiyang'ana, kapena anayang'ana kagalasi kowala kamene kanali m'dzanja la mlamu wawo, sindidziwa chimene ankaona. Kumbuyo kwanga lole inkabwerera chambuyo ikulira. Chitseko chinatseguka. Supavaiza anaima pamenepo, wailesi m'manja.

Ndinati, "Amalume, nkhuku ija iphedwe."

"Uuze eni ake. Ine pano ndine wogwira foni chabe."

Ndinatsitsa masiki kuti amve.

"Ababa, ndakukhululukirani. Idyani Mgonero."

Palibe chimene chinasungunuka m'chifuwa mwanga. Misozi sinabwere. Mawuwo anatuluka ngati mmene ndimatulutsira chiphaso wapolisi akandiimitsa. Bambo anatseka maso. Milomo inkayenda koma sindinamve kanthu. Amayi anadzuka n'kupita pawindo, ndipo ndinamva mawu a abusa panja akuyamba pemphero. Amayi anabwerera atafumbata kanthu m'dzanja lamanja, lamanzere lili pansi pake kuti kasagwe. Chithunzi chinaima pomwepo, dzanja la amayi lili m'malere pakati pa windo ndi bedi. Kenako foni inadula.

Supavaiza ananditengera ku ofesi. Anafunsa chimene chinali chofunika kuposa ntchito. Ndinati bambo anga akufa. Anati chaka chino bambo wa aliyense akufa, saina apa. Linali chenjezo loyamba ndi lomaliza. Ndinasaina. Foni anaisunga mpaka poweruka. Ndinabwerera pakhomo, ndinatenga kamfuti kanga, ndipo kwa maola anayi sindinadziwe ngati mkate uja unafika.

Unafika. Ndinamva m'basi madzulo. Amalume anati anadya, anamwa, abusa anapita. Nkhuku inaphedwa dzuwa lisanalowe. Bambo sakanatha kutafuna, ndiye amayi anawathira supuni imodzi ya msuzi m'kamwa, amalume n'kugamula kuti kumeneko n'kudya, mlandu watha.

Anamwalira Lachitatu m'mawa. Anaikidwa tsiku lomwelo, anthu ochepa, popanda kugona pasiwa. Pa ola limene ankawatsitsira m'manda ine ndinali kukangana ndi mzungu wina amene foni yake inathima ndipo ankafuna kulowa popanda girini.

Anthu akamva nkhaniyi amafuna ndinene kuti katundu anatsika pamapewa panga. Ena amayamba kunena aleluya ndisanamalize. Sanatsike. Sukulu sinabwerere. Ndikamadzaza fomu yofunsira ntchito n'kufika pamene amafunsa satifiketi, ndimawatukwana bambo mumtima monga kale. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndikatero ndimakumbukira kuti ndinanena mawu aja pamaso pa amayi, pa amalume, pa abusa, ndipo munthu anadya thupi la Ambuye atatsamira pa mawu angawo. Ngati ndinanama, ndiye kuti ndinamudyetsa bodza pa chakudya chake chomaliza. Zimenezi zimandivuta kuposa mkwiyo.

Patatha mwezi amayi anandiimbira. Tinakamba za mvula, za chimanga chimene bambo anasiya chisanapaliridwe kachiwiri. Kenako anafunsa chimene ndinkadziwa kuti adzafunsa.

"Unanena zoona tsiku lija?"

Ndinati sindikudziwa. Ndinati pakamwa pananena, koma mumtima munalibe kanthu, ndipo masiku ena ndimafuna nditawabweza mawuwo.

Sanadabwe. Anati iwonso akhala akuwakhululukira bambo chimodzimodzi kuyambira Lamulungu la batire lija, pakamwa kaye, chifukwa mwana amene anatchulidwa wakuba anali wawonso, ndipo palibe amene anawanyamulira nkhuku. Ndinali ndisanaganizepo zimenezo. Anati mtima uli ngati mbuzi yopita nayo kumsika. Mwini wake amatsogola ndi chingwe, iyo imabwera pambuyo ikukana, ikukhala pansi, ikulira msewu wonse. Mulungu amaona amene wagwira chingwe. Iwe usachitaye, anatero, zina si zako.

Ndinati ndamva. Bandulo ya amalume inatha tisanatsanzikane.

Sindinabwerere kutchalitchi. Sindinganene kuti ndine munthu wopemphera. Koma m'mawa ndikaima pakhomo paja, zitseko zisanatsegulidwe, ndimanenanso mawu aja chamumtima, kwa munthu amene kulibe, pamaso pa Mulungu amene sindikudziwa ngati tikuyankhulana. Masiku ena mbuzi imayenda pang'ono. Masiku ambiri imakhala pansi pakati pa msewu, ine n'kumakoka.